Lenzi ya Njovu ndi Maso a Amayi

Kabwata, Lusaka
6 Meyi 2024

Achimwene Hamad,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji kumeneko ku Joni, pamodzi ndi alamu anga ndi kamlendo kathu katsopano? Ife kuno tili bwino, kungoti magetsi masiku ano amangobwera kudzatipatsa moni n'kubwerera. Kapenta ndi chitenje choberekera mwana mulandire kwa Ba Kampamba, kondakitala wa basi ya ku Joni ija. Kalatayi ndaiika pansi pa kapenta, ikanunkha musadabwe. Malemu bambo ankati katundu sayenda wopanda kalata, ndiye ine ndimalembabe ngakhale foni ili m'thumba.

Mwachita bwino kumutcha mwanayo Shamsiya, dzina la amayi. Atamva anaimba nthungululu pakhonde mpaka Ba Rhodah, aneba athu a tsidya la msewu, anathamanga ndi thovu m'manja poganiza kuti ndapeza mwamuna.

Tsopano za chithunzi chimene mwapempha. Mukuti mukufuna chachikulu, choti mwana azikula akuwaona agogo ake, ndipo amayi akhale atatsegula maso. Achimwene, mwandipatsa ntchito! Ine ndajambula akwatibwi olira, makanda obatizidwa, ngakhale apolisi atsopano ku Lilayi, onse amandimvera. Koma amayi anga enieni andigonjetsa. Ndikangonyamula kamera, basi atsinzina. Zaka ziwiri zino ndadzaza khadi la m'kamera lathunthu, paliponse ali ngati akupempha dua. Zithunzi zakale zija zinadyedwa ndi chinyontho m'sutikesi, chatsala n'cha pachiphaso chokha, pamene akuoneka ngati akufunidwa ndi boma. Za kuimba foni ya vidiyo mukudziwa nokha, amaiika pakhutu. Khutu la amayi mukulidziwa kuposa dokotala.

Koma mlandu ndaupeza. Ndi kafulashi kapamutu pa kamera yangayi, kamene kamawomba munthu m'maso ngati tochi ya mlonda. Komanso lenzi imene inabwera ndi kamerayi ndi yadyera, imafuna kuwala kochuluka, ndipo mdima wa m'nyumba mwathu mukuukumbukira.

Ndiye mundigulire zinthu ziwiri, poti kumeneko zogwiritsidwapo kale ntchito n'zosavuta kupeza. Choyamba ndi lenzi yolembedwa 50, pambali pake 1.8. Ndi kakang'ono ngati kapu ya tiyi, ndipo m'sitolomo kotsika mtengo ndi komweko. Kamatsegula diso lake kwambiri, kamagwira kuwala ngakhale kochepa. Nkhope imatuluka yakuthwa, pamene za kumbuyo, mabeseni ndi zovala za pachingwe, zimangosungunuka. Chachiwiri ndi fulashi ya mabatire, yoima payokha pa sitandi, ndi ambulera yoyera, ndi kawayilesi kokweza pa kamera kamene kamaiuza fulashi kuti iwale. Ambulerayo si ya mvula, chonde. Kuwala kukadutsa m'nsalu yoyera kumafewa, khungu lakuda ngati lathuli limatuluka ndi mtundu wake weniweni, osati phulusa lija amatipaka m'masitudiyo a m'tauni.

Mukandipatsa zimenezi, maso a amayi muwaona, ndipo ine ndisiya kujambula za pamsika zokha. Ndikuganiza zimenezi mtima ukudumpha, chakudya sichikulowa. Dzina la kamera ndalemba kuseri kwa pepalali. Mungowapatsa a m'sitolo, musawonjezerepo nzeru zanu.

Ndine mlongo wanu,
Nuria


Mayfair, Johannesburg
19 Meyi 2024

Chemwali Nuria,

Wa alaikumu salamu. Kapenta wafika, kalata yafika, fungo nalo lafika. Tili bwino tonse. Mlamu wako akupereka moni, ndipo Shamsiya wamng'ono akuyamwa ngati wauzidwa kuti mawa kulibe. Amayi ali bwanji? Msana uja wasiya?

Konzeka kuvina, mwana wa amayi. Loweruka nditaweruka kusitolo ya makatani kumene ndimagwira, ndinapita kwa ogulitsa makamera, pepala lako lili m'manja. Fulashi, sitandi, ambulera ndi kawayilesi ndagula monga unalembera. Koma atanditulutsira ka 50 kako kaja ndinachita manyazi. Kanthu ngati chitsekero cha botolo la mafuta odzola! Mlongo wanga azikalowa m'mageti a anthu olemera a ku Kabulonga atanyamula kameneko? Ngakhale agalu a kumeneko angamuseke.

Kenaka ndinaona ina kuseri kwa galasi. Nuria, imeneyo ndiye lenzi. Kutalika ngati mkono wanga, kulemera ngati mwana wathuyu, ili ndi chikwama chakechake. Yalembedwa 150 mpaka 600. Iwe unapempha 50. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma pakati pa 50 ndi 600 chachikulu ndikuchidziwa. Mwini sitolo anati imeneyi amagula ndi ojambula nyama kutchire, ndipo anayamba kulongosola zambirimbiri m'Chingerezi chake chothamanga. Ine ndinangofunsa chimodzi, ngati ilowa pa kamera yako. Anati ilowa. Ndinati ngati imaona nsidze za mkango, maso a amayi n'chiyani? Nsapato zatsopano ndigula chaka chamawa, palibe kanthu.

Usandithokoze kwambiri, ungochita ntchito. Ukudziwa kuti zaka zisanu ndi zinayi sindinaponde Kabwata. Mapepala anga okhalira kuno akadali ku ofesi, ndipo akuti ndikatuluka asanawadinde sindidzalowanso, mkazi ndi mwana atsala okha. Ndiye kubwera sindingabwere msanga.

Dzulo mlamu wako amandifunsa kuti maso a mwanayu afanana ndi a ndani. Ndinayankha msangamsanga kuti a amayi. Nditatero ndinakhala pansi kuyesa kuwakumbukira maso a amayiwo, koma sanabwere. Mawu awo ndimawamva, kuseka kwawo ndimakumva, ngakhale kakhosomoledwe kawo, koma maso ayi. Zinandiopsa, Nuria. Chonde fulumira.

Ba Kampamba ndawauza kuti chikwamacho asachiike pansi pa matumba a anyezi. Undiuze kuti anthu a pamsika anati chiyani atakuona nacho.

Mchimwene wako,
Hamad


Kabwata, Lusaka
29 Meyi 2024

Achimwene,

Asalamu alaikumu. Tili bwino, amayi akuti msana ulipobe koma sukuwaletsa kulongolola. Katundu wafika. Zikomo, Mulungu akuwonjezereni. Ndathokoza kaye kuti zimene zikubwerazi muzimve bwino.

Safunsa anadya phula! Ku siteshoni ya Intercity Ba Kampamba anandipatsa chikwama chanu ndi manja awiri, amvekere, "Ba sisi, ivi vinthu va ba bululu banu ba ku Joni vinanivuta pa boda. Banifunsa ati ni mfuti." M'minibasi yopita ku Kabwata ndinachikhazika pamiyendo ngati mwana wodwala.

Kufika kunyumba ndinawakhazika amayi pampando wawo, ndinamanga chimzinga chanucho pa kamera, n'kusuzumira. Achimwene, ndinaona mphuno. Osati nkhope, mphuno yokha, bowo limodzi. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma, mphuno yomweyo. Ndinatuluka pakhomo chambuyo, kutsika khonde, kudutsa pachingwe cha zovala, kukagunda mpanda, ndi pamene khutu linayamba kuoneka. Nambala yaikulu sikutanthauza kuti lenzi ndi yabwino, imatanthauza kuti imakoka za kutali. Nyumba za ku Kabwata anamangira anthu, osati njovu. Ndinalira pang'ono, ndisanama.

M'mawa mwake ndinapita nayo kwa Ba Chishimba, amene amakonza makamera kuseri kwa Cairo Road. Atangotsegula chikwama anaseka mpaka kuvula magalasi. "Shani, Nuria? Awe, iyi ni ya ma layoni ku Kafue! Nipase ine, nikupase ka lenzi ka fifite na chikwama pamwamba." Ndinatsala pang'ono kuvomera, koma ndinakumbukira nsapato zanu zija, ndinakana. Mphatso ya mchimwene sasinthanitsa.

Koma anandipatsa nzeru ina yaulere. Ndinawauza za amayi, iwo amvekere, "Fulashi ukaisiya pa otomatiki iwala kabili. Koyamba ni kang'ono, kopima chabe. Manje munthu wa maso yamsanga atseka pamene apo. Ika pa M, upime weka." Ndiye kuti kuwala koyesera kuja ndi kumene kumamuphethiritsa munthu, chithunzi chenicheni n'kumupeza atatseka kale. Ukaipimira wekha mphamvu, imawala kamodzi basi.

Tsopano imvani zokoma. Loweruka ndinaitanidwa ku Kabulonga, ku phwando la ziwiya la mkwatibwi wina dzina lake Chantelle, amene ndinamujambulirapo chithunzi cha pasipoti. Mlonda wa pageti ataona chimzinga chili paphewa anandichitira sawatcha, osafunsa n'komwe dzina. Pamenepo ndiye munalondola, ndivomereze. Phwando lili pakati magetsi anathima, jenereta n'kukana kulira. Ine ndinangotambasula ambulera yanga, kuimika fulashi chapambali, pamwamba pang'ono pa mutu wa mkwatibwi. Achimwene, khungu lija! Ngati wadzola uchi. Azakhali ake anaima pamzere, aliyense akufuna chake, ndipo awiri atenga nambala yanga, wina wa ku Woodlands wina wa ku Chelstone. Pobwerera ndinkaimba ndekha m'minibasi, anthu n'kumandiyang'ana.

Ndinafika kunyumba ndili ndi matama, ndinati lero amayi agonja. Lenzi yakale, fulashi pa M, ambulera pambali. Atsinzina. Ndinayesanso, atsinzina. Ndi pamene ndinazindikira kuti fulashi ilibe mlandu. Amayi amatseka maso ndisanadine n'komwe, akangomva chitsekero cha lenzi chikuchoka. Ndinawafunsa chifukwa, anangoti, "Maso ndi anga."

Ndiye nzeru inandibwerera, ndipo mudzitama nayo mpaka kukalamba. Ngati amayi amatsinzina kamera ikakhala pafupi, kamera ipite kutali. Kawayilesi kaja kamafika tsidya la msewu, ndayesa. Chimzinga chanu nacho chimafika. Pa Idi ya nsembe amayi adzakhala atatchena, atakhala pakhonde. Inu mudzaimbe foni tikangobwera ku swala, ndipo mwana akhale pafupi. Akagona mumudzutse. Zotsalazo ndisiyireni.

Mlongo wanu wosaka njovu,
Nuria


Kabwata, Lusaka
18 Juni 2024

Achimwene,

Asalamu alaikumu, Idi Mubaraka! Ndikulemba chothamanga, basi ya Ba Kampamba inyamuka masana ano. Nyama yowamba ili m'pepala la khaki, mugawireko alamu.

Ndawagwira! Achimwene, ndawagwira amayi!

Pa foni dzulo sindikanatha kukuuzani, anali pambali panga. Mvetserani mmene zinayendera. Dzana ndinawakhazika Ba Rhodah pampando wa amayi kuti ndipime kuwala, mpaka ndinapeza mphamvu yoyenera. Dzulo m'mawa ndinaimika sitandi pakhonde, chakumanzere kwa mpando. Amayi atafunsa ndinati ndikuyanika ambulera. Anati mwana uyu wapenga, ambulera yosanyowa. Anavala diresi lawo lobiriwira ndi mpango woyera, anakhala pansi ndi foni m'manja kudikira inu.

Ine ndinawoloka msewu kupita pa kantemba ka Ba Rhodah, ndinagoneka chimzinga pa thumba la makala kuti chisagwedezeke. Kondakitala wina anakuwa ali pakhomo la minibasi, "Ba sisi, mufuna kuwombela ndani?" Ndinamuyankha ndi dzanja kuti adutse. Foni inalira. Ndinawaona amayi m'kamera ngati ndakhala nawo pamkeka umodzi, makwinya onse, ngakhale ulusi wa mpango. Minibasi ina inaima pakati pathu kutsitsa anthu, ndinatsala pang'ono kuitukwana tsiku la Idi. Itangochoka, mwana wanu analira m'fonimo. Amayi anadzutsa mutu, kuseka pakamwa ponse, amvekere, "Shamsiya, Shamsiya, tonthola, ndine mnzako wa dzina!" Maso ali mwaa, kuyang'ana kumene ndinali ine. Ndinadina. Fulashi ng'ani! Amayi anayang'ana kumwamba, "Mphezi mu Juni?"

Taganizani, ine chiimire poyera ndi chinthu chachikulu ngati musi, iwo osandiona. Ndikanakhala msilikali bwenzi nditakwezedwa udindo.

Ndinangochiona kamodzi pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, batire n'kufa, ndipo magetsi mpaka pano sanabwere. Koma ndinaona zokwanira. Maso awiri, otsegula, ngakhale ambulera yanga ikuoneka m'menemo, yoyera. Ba Rhodah ndi ine tinavina pakati pa matimati. Lachinayi ndipita ku Longacres kukatsukitsa chachikulu, ulendo wotsatira wa basi muchilandira. Gulani felemu, ndipo mukonze mpango wopukutira misozi.

Nuria


Mayfair, Johannesburg
10 Julaye 2024

Nuria,

Asalamu alaikumu. Ife tili bwino, kungoti kuzizira kwanyanya ndipo mwana anali ndi chimfine, koma wachira. Inu muli bwanji? Ndikufunsa chifukwa sindikudziwa.

Ba Kampamba abwera kawiri chimanjamanja. Ulendo wachiwiri anachita kundizemba, ndinawapeza atabisala kuseri kwa basi. Ndikakuimbira umati uli pantchito, ukuimbanso, osaimba. Ndikati tumiza pa foni pomwepa ndione, umati netiweki. Felemu ndinagula tsiku lomwe ndinawerenga kalata yako. Ili pakabati, m'kati mwake mukadali chithunzi cha banja la azungu chimene inabwera nacho. Mlamu wako wayamba kuwapatsa moni m'mawa.

Ndaganiza zambiri. Mwina chithunzicho chinawonongeka ndipo ukuopa kunena. Mwina anthu a ku Kabulonga ndi Woodlands akuchulukira, za abale zatsika mtengo. Koma kwambiri ndikuganiza kuti unakwiya ndi lenzi ija, kuseka konse kuja kunali kongondipepesa. Unandiuza kuti ndisawonjezere nzeru zanga, ine ndinawonjezera. Ndinkafuna anthu akuone kuti uli ndi mchimwene. Ngati ndi zimenezo, pepa.

Tsegula kabokosi kali m'sokosi. Ndi ka 50 kako kaja, 1.8, ndawerenga kawiri. Mwini sitolo anandiseka, ndinamusiya aseke. Chachikulucho ukafuna gulitsa kwa Ba Chishimba, sindidandaula.

Koma chithunzi cha amayi nditumizire, ngakhale chikhale chopindika. Iwe umadzuka nawo tsiku lililonse, sungamvetse. Ine ndili ndi khutu lokha.

Mchimwene wako,
Hamad


Kabwata, Lusaka
21 Julaye 2024

Achimwene anga,

Wa alaikumu salamu. Ka 50 kafika, ndi kokongola, ndakapsompsona. Sindinakwiye nanu, ndipo chimzinga sindigulitsa. Chithunzi chili mu envelopu yaikuluyo, pakati pa makatoni awiri. Musatsegule musanamalize kalatayi, ndipo mukhale pansi.

Lachinayi lija ndinapitadi ku Longacres, ndikuyenda ngati mwini Lusaka. Kumeneko kuli Ba Chilufya, mayi amene amakonza zithunzi pa kompyuta asanazitsuke, kuchotsa ziphuphu ndi zina zotero. Anachitsegula pa sikirini yaikulu. Achimwene, sindinajambulepo chinthu chokongola chotere. Mpanda wa kumbuyo unasungunuka, mpango ukuwala, khungu la amayi lili ngati mmene lilili. Ndinayamba kudzitama. Ba Chilufya analoza ndi cholembera, amvekere, "Ba sisi, ichi choyela nichose? Nizapaka chabe yakuda."

Ndinati ayi, imeneyo ndi ambulera yanga. Anakulitsa diso mpaka linadzaza sikirini. Ambulera yanga inalipo, kanyenyezi kakang'ono chapamwamba, pamalo pake. Choyera chinacho chinali pakati penipeni pa diso lamanja, ngati dontho la mkaka m'tiyi. Lamanzere nalo layamba. Ba Chilufya anati, "Ni ng'ala iyi. Ba mbuya banga banali nayo."

Ndinakhala pampando wa eni ake. Ndinakulemberani modzitama kuti ndinaima poyera amayi osandiona. Sikuti ndinachenjera ayi. Amayi tsidya la msewu sakuonako. Zonse zinandibwerera. Zisoti zopeta zimene ankasoka anazisiya, amati ndi msana. Mpango amaukokera kumaso, ndipo m'nyumba amakhala chofulatira zenera. Ine wojambula, wodyera maso a anthu, kugona nawo nyumba imodzi osaona. Manyazi ndi chisoni zimene ndili nazo sindingathe kuzilemba.

Madzulo ake ndinawauza. Sanakane. Anati, "Ndiye wapeza chimene umasaka, wakuba iwe." Kenaka anandigwira dzanja. "Mayi wako wa kompyutayo akuti angathe kupaka? Kamuuze apake. Mchimwene wako akaona, akwera basi. Akakwera basi sabwereranso, mwana akula wopanda bambo. Diso la nkhalamba ndi banja lathunthu, chofunika n'chiti?" Kutsinzina konse kuja, foni pakhutu ija, ankabisira inu. Kuchipatala akukana, akuti akangopitako mbiri ifika ku Joni basi isanafike.

Ndinabwerera ku Longacres, ndinatsukitsa ziwiri, chopaka ndi chosapaka. Chopakacho n'chabwino kwambiri, simukanadziwa kanthu. Ndi chifukwa chake ndinakhala chete mwezi wonsewu, ndimati ndikatenga ichi ndibweza, ndikatenga icho ndibweza. Ba Kampamba musawaimbe mlandu, ndinkangowauza kuti sichinaume.

Kalata yanu ndi imene yandimasula. Munapempha maso a amayi, ndipo maso akudawo ndi a Ba Chilufya. Ndakutumizirani enieni. Amayi ndawauza m'mawa uno, anditembenukira msana. Chonde musachite zinthu mothamanga ngati mmene munagulira lenzi. Yambani mwaimba foni.

Tsopano tsegulani. Yang'anani kaye mmene akusekera.

Mlongo wanu,
Nuria


Kabwata
4 Ogasiti 2024

Mwana wanga Hamadi,

Asalamu alaikumu. Uli bwanji, ndi mpongozi wanga, ndi mnzanga wa dzina? Ine ndili bwino, ndikudya, ndikuswali. Akulemba kalatayi ndi Ba Rhodah, chifukwa mlongo wako sindikulankhula naye mpaka Lachisanu.

Pa foni umangolira, mawu anga sumawamva, ndiye ndati ndiike papepala. Ndamva kuti wafunsa kale mtengo wa tikiti. Ukakwera basi imeneyo udzandipeza nditakhoma chitseko. Sindinakubereke kuti uzisiya mkazi ndi khanda chifukwa cha diso. Khala pomwepo mpaka akudindire mapepala ako. Chimene ndinachita sindikupepesa, ndipo iwenso mwanayo akadzakula udzamubisira zako.

Lachinayi Ba Rhodah ndi mlongo wako anandikoka ngati mbuzi kupita kuchipatala cha maso. Dokotala wake ndi kamtsikana, koma manja ake ndi ofewa. Akuti ng'ala imapalika, anthu amalowa m'mawa madzulo ali kwawo. Ayamba ndi lamanja mwezi wamawa, lamanzere pambuyo pake. Anandikalipira kuti ndinachedwa. Ndinamuuza kuti aime pamzere, ondikalipira achuluka.

Tsopano imva, iwe ndi mlongo wako. Miyezi yonseyi mwakhala mukuthamangitsa nkhope yanga ndi mizinga ndi maambulera. Alipo mwa inu anafunsa kuti ineyo ndikuona chiyani? Zithunzi za mwana zimene umatumiza pa foni ya Nuria, ndimati Mashallah, wokongola. Sindinama, mwana wathu sangakhale wonyansa. Koma chimene ndimaona ndi kuwala basi, ndi kamthunzi pakati. Mnzanga wa dzina sindinamuonepo, Hamadi. Zimenezi ndiye zimandipweteka, osati diso.

Ndiye Lachiwiri la sabata yamawa ukadikire pa siteshoni. Ndikukutumizira mlongo wako. Pasipoti ali nayo, Ba Kampamba amusungira mpando wa pazenera, ndipo chisangalalo chake nyumba yachepa, akungolongedza ndi kumasula. Abwera ndi kalenzi kakang'ono kaja ndi ambulera yake. Chachikulucho ndamuuza asiye, mwana si njovu. Akujambuleni nonse atatu, atsukitse chachikulu ngati chitseko, ndipo asapake kanthu. Umubweze msanga, afike kuno tsiku langa lisanakwane. Akadzandimasula nsalu kumaso sindikufuna kuyamba ndi nkhope ya dokotala.

Ndipo iwe usakabisale kumbuyo kwa mwana. Ba Kampamba akuti uli ndi ndevu tsopano, zina zoyera. Mwana amene ine ndinamuperekeza ku Intercity analibe ndevu. Ndikufuna ndimuone bambo ameneyo.

Ndine mayi ako,
Shamsiya